Chidindo cha Pansi pa Bedi la a Brannock

Ndinadziwana ndi a Athol Brannock zaka makumi anayi ndi zisanu, kuyambira tsiku limene ndinatsika pa lole ya makalata nditasenza chishalo mu 1946 mpaka tsiku limene tinawaika m'manda kuseri kwa khola la mahatchi. Zaka zonsezo ndinali pa famu pawo: kukusa ng'ombe, kuzidinda chizindikiro ndi chitsulo chamoto, kumanga mipanda ya waya, ndipo maondo atayamba kukana hatchi, kuyendera mijigo ya madzi pa galimoto. Zimene ndilembe pano ndinaziona ndekha. Pamene ndinangouzidwa ndinena kuti ndinauzidwa.

Anali munthu wamtali, woonda ngati mzati wa mpanda, wometa ndevu tsiku ndi tsiku ngakhale tili kutchire kumene madzi akumwa omwe ankavuta. Sanali wankhanza. Wantchito akathyoka mwendo ankamusunga mpaka achire, ndipo hatchi ikakalamba ankaileka kuti izidya msipu mpaka ife yokha. Kutukwana sankakudziwa, chimene ndi chachilendo kwa munthu wa ng'ombe. Ng'ombe ikawaponda phazi ankangolumanitsa mano n'kuipempha kuti isunthe pang'ono. Matenda awo anali amodzi okha: agogo awo. Ukawafunsa nthawi, ankayamba kukufotokozera za wotchi ya agogo awo, nthawiyo n'kudzakuuza pambuyo.

Mbiriyo ndinaimva kambiri moti ndingathe kuinena ndili m'tulo. A Silas Brannock anafika kuno mu 1880 kuchokera kummwera ndi ng'ombe mazana asanu ndi atatu, ngolo imodzi, ndi akazi awo a Hester amene anali oyembekezera. Anayenda miyezi isanu ndi iwiri. Ng'ombe zina zinafa ndi ludzu, zina zinadya udzu wakupha, gudumu la ngolo linathyoka kawiri. Atafika pa dziwe lalitali limene lili kumunsi kwa nyumba, mayi Hester anatsika pa ngolo n'kunena kuti wofuna kupitirira apitirire, iwo afika. Famu inayamba choncho, ngakhale a Athol ankakonda kunena kuti agogo awo anasankha malowo ndi diso la katswiri. Mayina a mahatchi a paulendowo banja limawadziwa onse. Mayina a amuna anayi Achiaborijini, eni dziko lino, amene ankadziwa kumene kuli madzi, amene popanda iwo palibe ng'ombe ndi imodzi yomwe ikanafika, palibe amene anawasunga. Ndinawauza a Athol zimenezi kangapo. Sanakane. Ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti palibenso womufunsa.

A Silas anabereka a Edwin, a Edwin anabereka a Athol, onse ana aamuna okhaokha m'nyumba zawo. A Athol anawapeza agogo awo ali moyo, nkhalamba ya ndevu zoyera yokhala pakhonde ndi chikwapu pa maondo, ndipo nkhalambayo ndiyo inawasiyira mawu amene anayenda nawo moyo wonse: wa kwa Brannock amadya zake.

Kuno kuli chinthu chimene aliyense amachidziwa koma sichinenedwa pamaso pa wapolisi. Famu ikafuna nyama siipha ng'ombe yake. Malire ndi aatali, mipanda masiku amenewo inali yochepa, ndipo ng'ombe zimasakanikirana pa madziwe. Wophika akati nyama yatha, umakwera hatchi n'kukafuna yonenepa yokhala ndi chidindo cha mnansi. Ukaiwombera umadula kachikopa kamene kali ndi chidindoko n'kukaponya pamoto, makutu n'kukwirira. Mnansiyo nayenso akuchita chimodzimodzi ndi zako. Chaka chikamatha palibe amene waluza kwenikweni, koma aliyense wadya mokoma, pakuti nyama ya mwini imakoma kawiri. Mpake anthu amati ukafuna kulawa ng'ombe yako, kacheze kwa mnansi.

A kwa Brannock okha ndiwo ankati iwo ayi. Tikapha, a Athol ankalamula kuti chikopa tichiyanike pa mpanda pafupi ndi geti lalikulu, chidindo chathu cha SB7 chitaloza kumsewu kuti wodutsa aliyense awerenge. Woyendetsa lole ya makalata ankachitcha mbendera, ndipo ankachivulira chipewa. Vuto linali lakuti munthu wopha zake mtima umamupweteka posankha. A Athol ankazungulira gulu lonse mpaka apeze ng'ombe yaikazi yokalamba yopanda mano. Chilungamo chawocho tinkachilipira ndi mano athu.

Kutsidya kwa mtsinje, mtunda wa mamailosi makumi anayi, ndi kwa Garrity. A Tom Garrity anafika chaka chimodzi ndi a Silas, anakangana pa dziwe lina la m'malire, ndipo sanalankhulanenso. Ana ndi zidzukulu analandira udaniwo pamodzi ndi ng'ombe. Kwa a Athol, a Garrity anali akuba basi, ngati kuti ena onse a m'dera lino anali angelo. Mu 1958, pa mjaha wa mahatchi ku tauni ya Windorah, mabanja atamanga misasa yawo n'kumawotcha nyama, a Len Garrity, mdzukulu wa a Tom, anaganiza kuti za agogo zakwana. Anatenga mbale ya nyama ndi manja awo n'kuwoloka bwalo lonse kudzaipereka kwa a Athol. Ine ndinali pomwepo. A Athol anayang'ana mbaleyo, manja ali kumbuyo.

"Zikomo, a Garrity. Ndikafuna nyama yanga ndimadyera kwathu."

Anthu anaseka, ndipo nanenso ndinaseka, sindibisa. A Len anamwalira mu 1969 asanapatsanenso moni ndi a Athol. Akazi awo, mayi Noela, anatsala akuyendetsa famuyo okha.

Mu 1980 famu yathu inakwanitsa zaka zana. Mwana wamkazi wa a Athol, amene amakhala ku Brisbane, anasonkhanitsa zithunzi n'kusindikiza kabuku, ndipo anakonza phwando la mwezi wa Ogasiti. Zinthu zonse zakale zinayenera kuyalidwa m'shedi kuti alendo aone: zitsulo zodindira, goli, mphika wa mayi Hester, wotchi ija. Chachikulu pa zonse chinali bedi la a Silas, limene linali m'kanyumba kamiyala koyambirira. Analipanga okha chaka choyamba chomwecho: mitengo inayi yolimba, ndi chikopa chathunthu cha ng'ombe chokokedwa chili chachiwisi n'kumangidwa ndi zingwe zachikopa. A Edwin anabadwira pamenepo. A Silas anafera pamenepo. Bedi lotere aliyense amaliyala ubweya kumwamba chifukwa n'kofewa, koma ili ubweya unali pansi. Banja linkati mayi Hester ankaopa utitiri.

Tinapita awiri, ine ndi a Athol, kukalitulutsa. Khomo la kanyumbako ndi laling'ono, choncho tinalipendeketsa cham'mbali, mwina koyamba chilipangire. Titafika nalo panja dzuwa linawala kunsi kwake. Chikopacho chinali chofiira, ubweya wambiri utadyedwa ndi njenjete, koma pa thako chidindo chinkaoneka ngati chadindidwa dzulo: TG2. Cha a Tom Garrity.

A Athol anachiyang'ana nthawi yaitali. Anavula chipewa, n'kuvalanso. Kenako anati mwina agogo anachita kuigula. Ndinawafunsa kuti chidindo chachiwiri chili pati, pakuti ng'ombe yogula imadindidwanso ndi wogulayo. Tinafufuza chikopa chonse ngati anthu ofuna nsabwe, osachipeza. Anati mwina inali mphatso. Ndinawakumbutsa kuti iwo omwe anandiphunzitsa kuti a Silas ndi a Tom sanabwerekane ngakhale moto wa fodya. Anati mwina inafa yokha ndi chilala pa dziwe lathu, agogo n'kungosenda chikopa kuti chisawonongeke. Ndinawapempha kuti achigwire amve kuchindikala kwake. Imeneyo inali ng'ombe yonona, ndipo agogo awo ankadziwa kusankha kuposa mdzukulu wawo.

"Clarrie, uli ndi mpeni?"

"Ndili nawo, bwana."

"Kachigamba kakang'ono basi. Ukadula bwino anthu aziti ndi makoswe."

"Makoswe a kuno anaphunzira liti kusankha zilembo? Komanso kudula chidindo ndi ntchito ya akuba. Mwakhala mukundiuza inuyo zaka makumi atatu ndi zinayi."

Mpeni wawo unali pa lamba, wakuthwa kuposa wanga. Sanaugwire. Ankafuna kuti dzanja likhale langa, ndipo ndikuganiza kuti ankadziwa kale kuti ndikana.

Anakhala pa mwala wa pakhomo ngati munthu amene wagwa pa hatchi. Ndinkadziwa chimene ankaopa. M'mawa uliwonse, dokotala woyendera odwala pa ndege akatha kumva odwala pa wailesi yolankhulirana, mphepo inkatsegulidwa kwa aliyense, ndipo amayi a m'mafamu onse ankacheza pamenepo, aliyense akumvetsera. Mayi Noela akanangonena kamodzi, pofika masana dera lonse kuyambira ku Windorah mpaka ku Birdsville likanakhala likuseka. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri amene waima pa mawu amodzi moyo wake wonse alibe pena popondapo. Ndinawamvera chisoni, koma chisoni sichifufuta chidindo.

Ndinawauza poyera. Sindipita ndikulengeza. Koma akanena mawu a agogo awo aja pa phwando, ndidzaimirira n'kuitana anthu kuti adzaone pansi pa bedi. Ndinawauzanso kuti pali munthu mmodzi amene ayenera kuchiona chikopacho, ndipo akumudziwa. Mlandu suola, chikopa chouma bwino nachonso sichiola.

Anayang'ananso bedilo. Kenako anati:

"Ndidzawapititsira ineyo. Osati iwe, osati kalata. Ineyo."

"Liti, bwana?"

"Mvula ikagwa."

Tinagwirana chanza. Ine wobadwira kuno ndinalola kupusitsidwa ngati mlendo. Kuno mawu akuti mvula ikagwa ndi amene mwamuna amauza mkazi wofuna denga latsopano. Kukauma amati tidikire mvula, mvula ikagwa mtsinje umadzaza n'kutseka msewu. Ndinazindikira tili kale m'kati mobweza bedilo m'kanyumba.

Phwando linayenda bwino. Kunabwera anthu pafupifupi mazana awiri, ena pa ndege zazing'ono. Ofunsa za bedi anauzidwa kuti silikwana pakhomo, zimene ndi zoona ngati sunalipendeketse. Mayi Noela anabwera chifukwa mwana wa a Athol anawalembera kalata yabwino, koma anakhala kumbuyo ndi dengu la chakudya chawochawo. A Athol anaimirira n'kuyamba: miyezi isanu ndi iwiri, gudumu, mahatchi ndi mayina awo, dziwe. Atafika pamene mawu aja amalowa, anthu owadziwa anali atayamba kale kugwedeza milomo kuti awathandize kumaliza. Iwo anatenga kapu ya madzi, anamwa pang'onopang'ono, n'kulumphira ku nkhani ya madzi osefukira a mu 1950. Woyendetsa lole ya makalata anandiuza pambuyo pake kuti anamva ngati abusa adumpha ndime ya nyimbo. Mayi Noela anangotembenuka n'kundiyang'ana ineyo, ine n'kuyang'ana nsapato zanga.

Chaka chimenecho mvula sinagwe. Chotsatira sinagwenso.

Chilala chimenecho sindichiiwala. Msipu unatha, nthaka inasanduka fumbi lofiira, dziwe lalitali linabwerera mpaka tinaona miyala imene a Athol anali asanaionepo. Tinkagwetsa mitengo kuti ng'ombe zidye masamba. M'mawa uliwonse tinkakoka ndi chingwe zimene zatitimira m'matope a m'mphepete mwa dziwe, ndipo zambiri zikatuluka sizinkathanso kuima. Theka la gulu tinalitumiza kutali kukadya kwa eni, lina linafa. A Athol ankafuna mvula ndi mtima wonse, monga wina aliyense. Koma ndinkawaona mtambo ukatulukira kumpoto: munthu amene kale ankathamangira panja opanda chipewa tsopano ankauyang'ana ngati mmene umayang'anira galimoto ya apolisi, osadziwa ngati yabwera kudzakuthandiza kapena kudzakutenga.

Zina zinasintha anthu osadziwa chifukwa chake. Chikopa sichinayanikidwenso pa geti. Anati chimaitana ntchentche, ngati kuti ntchentchezo zinabadwa chaka chimenecho. Alendo ankatha kumwa tiyi mpaka kutsanzika osamva dzina la a Silas, ndipo ena ankandikokera pambali kufunsa ngati bwana akudwala. Chithunzi cha agogo chinachoka m'chipinda chodyera n'kupita m'kanjira ka kubafa.

Tsiku lina mu Disembala wa 1981 kunagwa madontho, okwana kununkhitsa fumbi. Ndinapita pakhonde n'kuima pafupi nawo.

"Usandiyang'ane choncho, Clarrie. Imeneyi ndi mvula? Ndi malovu a mtambo."

"Ndangobwera kudzaona nawo, bwana."

"Mvula ndi imene imayenda m'ngalande n'kulowa m'thanki. Pita ukagogode thanki umve."

Ndinapita ndithu kukagogoda. Linalira ngati ng'oma. Ananena zoona, ndipo zinandinyansa kuti ananena zoona. Zotere zinachitikanso kawiri chaka chotsatira, ndipo kawiri konse thanki linali kumbali yawo. Ndinayamba kukhulupirira kuti mmodzi wa ife adzafa bedilo likadali m'kanyumba, ndipo popeza wamkulu anali iwo, ndinkadziwa kuti ndidzatsala nalo ndi ine.

Inabwera mu Malichi wa 1983. Inayamba Lolemba m'mawa, yamphamvu, yosalekeza, mpaka Lachiwiri madzulo. Mathanki anasefukira. Achule amene anakhala pansi pa nthaka zaka zitatu anatuluka onse n'kuyamba kulira ngati akulipidwa. Lachitatu dzuwa linawala, msewu wa pamiyala unayamba kuuma, ndipo pa wailesi a kumtunda ankati madzi aakulu akubwera, adzafika pa madooko athu pakadutsa masiku awiri. Mtsinje wathu umakhala mchenga zaka, koma ukabwera umatambalala mamailosi khumi, ndipo sudutsika kwa milungu. A Athol akanangokhala masiku awiri akukonza denga lodontha, mtsinje ukanawapatsa chifukwa chabwino choti palibe akanachitsutsa. Ine sindinawakumbutse. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Lachinayi m'mawa ndinamva galimoto ikubwerera chambuyo. Nditatuluka ndinawapeza aiimika pakhomo la kanyumba kamiyala, atavala shati yoyera imene ankavala pa maliro.

"Waima chiyani? Ndingalinyamule ndekha?"

Tinalikweza bedilo, n'kulimanga miyendo ili m'mwamba, kenako anasintha maganizo n'kuti tiligadabuze, kuopa kuti akabawi aziwerenga chidindo. Mamailosi makumi anayi amenewo tinawayenda maola asanu ndi limodzi. Tinatitimira kawiri, ndipo shati ija inasanduka yofiira. Pali mageti asanu ndi awiri panjirayo, ndipo wotsika kukatsegula ndinali ine. Pa geti lililonse ndinkawapeza ali ndi maganizo atsopano. Pena anati mjigo wa kumadzulo mwina wagwa ndi mphepo. Pena anati mayi Noela mwina apita ku tauni. Pena anati kufikira munthu wamasiye osamuuza si ulemu. Ndinkangotseka geti kumbuyo kwathu n'kukwera, iwo n'kuyendetsa.

Madzi anafulumira kuposa mmene ananenera. Titafika pa dooko tinapeza ngalande yoyamba ikuyenda kale, madzi ofiira onyamula thovu ndi zinyalala, akukwera tikuona. Anaimitsa galimoto m'mphepete.

"Tikawoloka, bwana, lero sitibwerera. Mawa ngakhalenso."

"Ukuganiza kuti mtsinje uno ndauona lero?"

Analowetsa giya n'kulowa m'madzimo. Madziwo anafika m'mapazi mwathu, injini inatsokomola kawiri, koma tinatulukira tsidya.

Mayi Noela anamva galimoto patali ndipo tinawapeza ali pakhonde, munthu wamfupi wojintcha, atavala chipewa cha malemu amuna awo, manja ali mbuu ndi ufa wa buledi. Anayang'ana a Athol, anayang'ana ine, kenako katundu wathu.

"A Brannock, zaka makumi awiri ndi zisanu osandipatsa moni, lero mwabwera ndi bedi? Simukufulumira?"

A Athol anafiira mpaka m'makutu. Anangondikodola kuti timasule zingwe. Tinalitsitsa n'kulipendeketsa pamaso pawo. Mayi Noela anatulutsa magalasi m'thumba la epuloni, anawerama, n'kutsata zilembozo ndi chala mpaka ufa unatsalira m'menemo. A Athol anavula chipewa.

"Mayi Garrity, ili ndi bedi la agogo anga. Bambo anga anabadwira pa ng'ombe yanu. Ndinachiona chidindochi zaka ziwiri ndi theka zapitazo, ndipo ndinapempha Clarrie kuti achidule. Anakana. Zimene ndinanena kwa a Len ku Windorah ndinalibe pozinenera."

Mayi Noela anakhala pa sitepe. Sanaseke, ngakhale ndinkayembekezera kuti aseka. Anati a Len ankadya zathu ndithu, mwezi uliwonse, ndipo zikanona kawiri pa mwezi; sankabisa, ndipo akanafunsidwa akanavomera. Kuwatcha wakuba sikunawapweteke, pakuti kuno dzinalo ndi la tonse.

"Ndi mbale ija, a Brannock. Anaima pakati pa bwalo ataigwira, anthu akuseka, osadziwa poiika. Anabwera nayo kumsasa n'kuipatsa galu. Munthu uja sanapitenso ku mjaha mpaka imfa yake, pamene mahatchi ndiwo anali moyo wake."

Zimenezo a Athol sankazidziwa. Inenso sindinkazidziwa, ndipo kuseka kwanga kuja ndinakukumbukira ndi manyazi. Kenako mayi Noela anadzuka, anapukuta magalasi, n'kunena kuti bedilo tiliike pakhonde kumbali kosawomba mphepo, pakuti mtsinje watseka kale ndipo m'nyumba mwawo mulibe malo a amuna awiri amatope. Anawonjezera kuti ng'ombeyo inali yabwino, ndipo zikanawapweteka kwambiri ikanakhala yowonda.

Masana omwewo anatiikira nyama yowotcha, yonona, yofewa moti mpeni unkangotsetsereka. Anaika mbale pamaso pa a Athol ndi manja awo n'kuima pomwepo osachoka. A Athol anaiyang'ana nyamayo monga munthu amayang'anira m'bale wake amene wakumana naye kumalo kosayenera. Ndinaona kuti funso loti ndi ya ndani lafika pamilomo. Analimeza, anatenga mpeni ndi foloko, n'kudya. Atamaliza anapempha ina.

Tinakhala kwa Garrity milungu isanu. A Athol ankagona pa bedi la agogo awo pakhonde, ine pansi pambali pawo, udzudzu ukutidya mosasankha bwana ndi wantchito. Anakonza geti la kumunda limene linali lopendama chimwalirire a Len, ndipo anakangana ndi mayi Noela tsiku lililonse za mmene amaweta mahatchi. M'mawa wachitatu mayi Noela anawapatsa cholankhulira cha wailesi kuti anene iwo pamene madzi afika, poti ndiwo anapita kukaona. A Athol anachigwira ngati njoka. Atangonena kuti ndi Athol Brannock, akulankhula kuchokera kwa Garrity, mphepo yonse inati zii. Kenako mayi wina wa kumtunda anafunsa mokoma kuti kodi akukudyetsani chiyani kumeneko, a Brannock.

"Nyama, mayi. Yabwino kwambiri. Sindinafunse."

Ndinauzidwa kuti anthu anaseka mpaka ku Birdsville. Za bedilo mayi Noela sananene pa wailesi tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo a Athol sanawapemphe kuti abise. Madzi ataphwa tinabwerera kwathu ndi galimoto yopanda katundu. Bedilo linatsala, pakuti mayi Noela anati mitengoyo ndi ya a Brannock koma chikopa ndi chawo, ndipo wofuna mitengo yake abwere adzamasule yekha. A Athol ankapita kukaiona mitengoyo kamodzi pa mwezi, nthawi ya chakudya cha masana, kwa zaka zisanu ndi zitatu zimene zinawatsalira. Mu kabuku ka ku Brisbane mawu a agogo aja akadalimo, pa tsamba lachitatu. M'kope la m'nyumba mwawo anawakhwatcha ndi pensulo, mopepuka, moti ukapendeketsa tsambalo amawerengekabe.

Ndinawatsutsa pa zambiri a Athol, ndipo pa zambirizo wolondola ndinali ine. Pa ichi chokha ndilibe chowanenera. Anati adzapita iwo eni mvula ikagwa, ndipo ndinakhala zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi iwiri ndikukhulupirira kuti andinyenga. Mvula inagwa Lolemba. Lachinayi anali pabwalo la mayi Garrity, chipewa kumanja.